M'MERA MPOYAMBA: ZA KUVIIKA MBEWU YA MPUNGA PA CHAKA CHA NG'AMBA

Mawu awa adanenedwa pa wailesi pa nthawi ya alimi. Tawasindikiza muno kuti amene sanamve awerenge, ndiponso kuti mafumu awawerengere anthu awo pabwalo.

Lero ndifuna kulankhula ndi inu amene mulima mpunga wodalira mvula, kaya muli ku Karonga, ku Nkhata Bay, ku Nkhotakota, ku Salima, m'madambo ozungulira nyanja ya Chilwa, kapena kuchigwa cha Shire. Nkhani yanga ndi ya masiku oyamba a mbewu m'nthaka, pakuti ndi pa masiku amenewo pamene minda yambiri imawonongeka mwini wake asanadziwe.

Nonse mudziwa chimene chimachitika. Mvula yobzalira igwa, dothi linyowa bwino, anthu nathamangira kumunda kukafesa. Kenaka kumwamba kuyera, dzuwa liswa mtengo sabata yathunthu kapena masabata awiri. Mukapita kukayendera munda mupeza mpunga wamera patalipatali, apa phando, apo phando, pakati pali poyera. Mbewu yotsala m'nyumba ndi yochepa, ndalama yogulira ina palibe, ndipo amene abwereza kufesa wachedwa kale. Munthu wotere adzakolola pang'ono ngakhale mvula ya Febuluwale itagwa bwino, chifukwa munda wake udalephera poyamba pomwe. Makolo sadaname ponena kuti m'mera mpoyamba.

Zaka za chilala si zachilendo m'dziko muno. Akuluakulu akumbukira njala ya 1949. Ambiri a inu mudaona chilala cha 1992. Nyanja ya Chilwa idauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo idaphwanso kwambiri mu 2018. M'mwezi wa Malichi 2024 Boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino anali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. Anzathu a m'masikimu othirira monga Wovwe, Hara, Limphasa, Bua, Bwanje, Domasi ndi Muona ali ndi ngalande zowathandiza, koma mpunga wochuluka wa m'Malawi ulimidwa ndi anthu oyang'ana kumwamba. Kwa inu otero ndili ndi njira imodzi yosalira ndalama. Njirayo ndiyo kuviika mbewu m'madzi usiku umodzi musanaibzale, ndi kuivuula isanayambe kumera.

MPIKISANO WA MBEWU NDI DZUWA

Tiyeni tiyambe taona chimene chichitika pansi pa nthaka, kumene maso athu safika. Njere ya mpunga imene mwasunga m'thumba ili ndi moyo, koma ili mtulo. Mkati mwa mankhusu muli ufa woyera umene ife timadya, ndipo kunsonga ina kuli kamtima kakang'ono, konga kamtima ka chimanga kamene amayi amakaona pokonola. Kamtimako ndiko kadzasanduke muzu ndi tsinde. Ufawo ndiwo kamba wake wa paulendo, kufikira m'mera utakhala ndi mizu ndi masamba odzidyetsera wokha.

Kuti njere idzuke iyenera kumwa madzi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake. Tsono mpunga uli ndi mankhusu olimba, kotero sukumwa msanga monga ichitira nyemba. M'nthaka simuli madzi oima. Njere ingopsopa chinyontho cha timibulu ta dothi timene taikhudza, ndipo tsiku limodzi kapena masiku awiri atha ili pa ntchito ya kumwa yokhayokha, isanachite kanthu kena.

Nthawi yomweyo dzuwa silidikira. Liyamba kuumitsa dothi lapamwamba, pomwe pali mbewu, ndipo chinyontho chinka chitsikira pansi tsiku ndi tsiku. Ngati muzu utuluka chinyontho chikadali pafupi, uchilondola kunka pansi, ndipo m'mera upirira masiku angapo a dzuwa. Ngati muzu uchedwa, upeza fumbi lokhalokha nuuma. Njere zina zimwa pang'ono osakwanira, ndipo zikhala m'nthaka zosamera, kudikira nyerere, mbewa, njiwa ndi nkhanga. Pa dothi la makande pali vuto linanso: mvula yamphamvu ikagwa dzuwa n'kutsatira, pamwamba pauma gwa, ndipo m'mera wochedwa ulephera kuboola.

Mwaona tsono kuti pali mpikisano pakati pa muzu ndi dzuwa, ndipo opambana asiyana ndi masiku awiri kapena atatu okha. Nzeru ya kuviika ili pamenepa. Madzi aja amene njere ikadavutika kuwafuna m'nthaka, muipatse kunyumba usiku, m'ndowa. M'mawa ilowa m'nthaka itakhuta kale, ndipo ntchito yake yoyamba ikhala kutulutsa muzu.

PHUNZIRO LA CHIMERA

Ena a inu mulikunena mumtima kuti kuviika mbewu mudayamba kale. Inde, koma tamverani bwino, chifukwa pali kuviika kwa mitundu iwiri, ndipo kusokoneza mitunduyi ndiko kutayitsa anthu mbewu.

Mbewu imera m'magawo atatu. Pa gawo loyamba imwa madzi nitupa. Pa gawo lachiwiri kunja sikuoneka kanthu, koma mkati ntchito yayamba: kamtima kadzuka, kakonza malo amene adawonongeka pouma, ndipo ufa uja uyamba kusungunuka kusanduka shuga woti kamtima kadye. Pa gawo lachitatu mankhusu ang'ambika ndipo kansonga koyera katuluka. Chinthu chachikulu chimene ndifuna muchigwire lero ndi ichi. Mbewu ili pa gawo loyamba kapena lachiwiri ikhoza kuumanso osafa, ndipo ntchito imene idachitika mkati siitayika yonse. Koma mbewu imene yatulutsa kansonga yawoloka mtsinje, singabwerere. Ikauma, yafa.

Amayi amene amafulula thobwa adziwa zimenezi kuposa ife abambo. Pokonza chimera amaviika mawere kapena chimanga, navuula, nafunditsa ndi masamba kapena chiguduli kufikira zitamera, kenaka nayanika padzuwa. Chimera chitsekemera chifukwa ufa wamkati wasanduka shuga, monga ndanenera. Koma kodi alipo adabzalapo chimera chouma n'kumera? Iyayi, palibe. Chidamera kale kamodzi, ndipo dzuwa lidachipha.

Amene amafesa mpunga panazale kuti adzawokere amachita zofanana ndi chimera: amaviika mbewu tsiku lathunthu, naifunditsa tsiku limodzi kapena awiri mpaka nsonga zitaoneka, naifesa pamatope. Kumeneko ndiko kumeretsa, ndipo ndi kwabwino pamalo pamene madzi ali m'manja mwanu. Mbewu yomeretsa mukaifesa pamunda wodalira mvula, tsiku limodzi la dzuwa likhoza kuitha yonse. Chimene ndilikunena lero ndi china. Mbewu imwe, idzuke mkati, koma ilowe m'nthaka isanang'ambe mankhusu.

KUMENE NJIRAYI IDAYESEDWA

Alimi a m'maiko ambiri adali kuviika mbewu kuyambira kale, makamaka akachedwa kubzala, koma ophunzira adayamba kuiyesa bwino nzeruyi m'zaka za posachedwapa. Mu 1973 Walter Heydecker wa ku yunivesite ya Nottingham ku England adaonetsa kuti mbewu za ndiwo zamasamba zomwetsedwa madzi mwa muyeso, osazilola kumera, zimera msanga ndi pamodzi zikabzalidwa. Njira yake idafuna mankhwala ndi zipangizo, kotero idathandiza makampani a mbewu koposa alimi a kumudzi.

M'zaka za m'ma 1990 David Harris wa ku yunivesite ya ku Bangor, m'dziko la Wales, adayesa njira ya madzi okha. Adagwirapo ntchito pa mapira ku Botswana, ndipo pambuyo pake adayesa ndi alimi osauka a kumadzulo kwa India, m'zigawo za Gujarat, Rajasthan ndi Madhya Pradesh, kumene mvula ndi yosadalirika ngati kuno. Mlimi aliyense adagawa munda wake pawiri, mbali ina mbewu yoviika, mbali ina youma. Zotsatira zake zidasindikizidwa mu 1999. Adapeza kuti mpunga ndi chimanga zikhoza kukhala m'madzi kufikira maola 24 osawonongeka, koma alimi eni ake adasankha usiku umodzi, popeza ndiwo muyeso wosavuta kukumbukira. Mbewu yoviika idamera msanga ndi tsiku limodzi kufikira masiku atatu, mipata idachepa, obwereza kubzala adachepa, ndipo mbewu idacha msanga ndi sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono.

Pambuyo pake njirayi idayesedwa pa chimanga ndi mapira ku Zimbabwe, pa tirigu ku Pakistan ndi ku Nepal, ndiponso pa mpunga wa kumtunda m'maiko a kumadzulo kwa Africa monga Ghana, Nigeria ndi Sierra Leone. Si mlimi aliyense amene adakolola zochuluka, koma otaya anali ochepa kwambiri, ndipo phindu lidaoneka bwino pa zaka zovuta ndi pa minda youma msanga. Pa chaka cha mvula yokwanira minda iwiriyo ikhoza kufanana. Chifukwa chake kuviika kuli ngati kufolera nyumba m'chilimwe. Phindu lake mudzaliona tsiku loipa.

KACHITIDWE KAKE

Choyamba, yesani mbewu yanu mvula isanabwere. Tapani njere m'thumba, pamwamba, pakati ndi pansi, muwerenge 100. Ziyaleni pa kansalu kapena chiguduli chonyowa, mukulunge, muike pamthunzi, ndipo muziwaza madzi tsiku ndi tsiku. Patapita sabata werengani zimene zamera. Zikakwana 80 kapena kupitirira, mbewuyo ndi yabwino. Zikachepera kwambiri, funani ina nthawi ikadalipo, pakuti madzi sadzutsa njere yakufa. Inu amene mutenga mbewu ya mpunga wa m'chilimwe wongokololedwa kumene, dziwani kuti mitundu ina ya mpunga imagona masabata angapo itakololedwa isanavomere kumera, kotero kuyesaku nkofunika koposa kwa inu.

Chachiwiri, yesaninso nthawi. Tengani dzanja limodzi la mbewu, muviike madzulo, muvuule m'mawa, muyale pamthunzi, muone ngati pali njere zoyamba kuonetsa nsonga. Mitundu ya mpunga isiyana, ndipo kumalo otentha monga Nsanje, Chikwawa ndi m'mphepete mwa nyanja mbewu idzuka msanga kuposa kumalo ozizira. Nkwabwino kutaya dzanja limodzi poyesa kusiyana ndi kutaya thumba.

Chachitatu, konzani munda usanaviike kanthu. Kulima, kuphwanya zibuma, kusalaza ndi kumanga migula zithe kale. Dikirani mvula yeniyeni yobzalira. Chizimalupsa sichiwerengedwa. Kumbani ndi khasu, ndipo ngati dothi lanyowa kuzama kwa chikhatho chonse, ndi kuumbika mukalifinya m'manja, nthawi yakwana. Madzulo a tsiku lomwelo ndiwo oviikira.

Chachinayi, yezani mbewu yokwanira ntchito ya tsiku limodzi lokha. Musaviike thumba lonse pamene anthu obzala ndinu awiri. Yezani mbewu ikadali youma, chifukwa ikamwa ilemera ndi kutupa pang'ono, ndipo muyeso wa chitini usokonekera.

Chachisanu, thirani mbewu m'ndowa, m'beseni kapena m'mbiya yotsuka bwino, ndipo muthire madzi oyera a pachitsime kapena pamjigo, osatenthetsa. Madzi apitirire mbewu ndi chikhatho chimodzi, popeza mbewu idzamwa ndipo yapamwamba ingatsale pouma. Vundulani ndi dzanja. Njere zopanda kanthu mkati ndi zinyalala ziyandama. Ziyoleni muzitaye, pakuti zikadangotenga malo m'munda. Ena amasankha mbewu ndi madzi a mchere, kuthira mchere kufikira dzira laliwisi litayandama, kuti njere zopepuka zonse zikwere pamwamba. Njirayo ndi yabwino, koma ndi ya mphindi zochepa chabe, ndipo mukatha tsukani mbewu kawiri kapena katatu ndi madzi abwino musanaiviike. Mbewu isagone m'madzi a mchere.

Chachisanu ndi chimodzi, sungani nthawi. Viikani dzuwa likulowa, cha m'ma 6 koloko madzulo, ndi kuvuula kukucha, cha m'ma 6 koloko m'mawa. Amenewo ndi maola 12. Mukachedwa pang'ono palibe kanthu, koma musapitirire maola 24 zivute zitani. Mbewu nayo imapuma, ndipo ikakhalitsa m'madzi oima iyamba kusasa ndi kununkha. Ndowa ikhale m'nyumba pamalo pozizira, kutali ndi moto ndi mbuzi.

Chachisanu ndi chiwiri, khetsani madzi ndi dengu kapena thumba, muyale mbewu mopyapyala pamkeka, pamthunzi podutsa mphepo, monga pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mango. Muziitembenuza. Pakatha ola limodzi kapena awiri kunja kwa njere kuuma, ndipo sizimatirirana m'manja, koma mkati madzi alimo. Musaiunjike mulu, ndipo musaifunditse, chifukwa mulu utentha mkati ndipo pamenepo mwayamba kukonza chimera. Ikani wina wopirikitsa nkhuku.

Chotsiriza, bzalani tsiku lomwelo. Mbewu ilowe m'nthaka yonyowa kuzama kwa masentimita 2 kapena 3, ndiko kunena mfundo imodzi ya chala, ndipo mukwirire ndi kutsendera pang'ono kuti dothi likhudze njere. Kubzala m'mizere kapena m'mapando kuposa kuwaza, chifukwa njere zonse zikhala pa kuya kofanana, mbalame sizizipeza, ndipo kupalira kudzapepuka. Amene muwaza, tsatirani ndi khasu nthawi yomweyo kukwirira. Mbewu yoviika yosiyidwa pamwamba padzuwa itaya madzi onse amene mudaipatsa.

MAFUNSO AMENE ALIMI AMAFUNSA

Wina afunsa: nanga ndikaviika, m'mawa n'kugwa maliro pamudzi, kapena mvula n'kugwa tsiku lonse, ndichite chiyani? Vuulani mbewu pa nthawi yake ndithu. Iyaleni mopyapyala pamthunzi, muziitembenuza kufikira itauma monga idalili poyamba. Ikatero ikhoza kudikira masiku angapo, ndipo idzamerabe bwino. Chimene simuyenera kuchita ndi kuisiya m'madzi, kapena kuimanga yonyowa m'thumba la pulasitiki. Ndiponso mbewu imene idaviikidwapo musaisungire chaka chamawa, chifukwa siikhalitsa ndi moyo monga mbewu yosaviika.

Wina afunsa: ine ndimafesa pouma mvula isanagwe, kuti ikabwera ipeze mbewu ili m'nthaka, kodi ndiviike? Iyayi. Inu fesani mbewu youma monga mwa masiku onse. Mbewu yoviika ili tcheru, ndipo kamvula kowaza kakhoza kuinyenga kuti imere pamene pansi pali pouma. Kuviika ndi kwa munthu wobzala pa dothi lonyowa kale.

Wina afunsa za mbewu yogula yopakidwa mankhwala ofiira kapena obiriwira. Mankhwala amenewo ndi poizoni woteteza mbewu ku tizilombo ndi matenda, ndipo madzi amawatsuka. Musaiviike musanafunse mlangizi. Akakulolani, gwiritsani ntchito chidebe chimene simuphikira kapena kutungira madzi akumwa, tayani madziwo m'dzenje kutali ndi chitsime ndi ziweto, ndipo musambe m'manja ndi sopo. Njere zoyandama za mbewu yotere musapatse nkhuku.

Winanso afunsa ngati athire feteleza m'madzi kuti mbewu ipeze mphamvu. Nzoona kuti akatswiri amayesa kuviika mbewu m'madzi osakaniza ndi mchere wa potashi, zinki kapena fosifeti, ndipo pa nthaka zina zathandiza. Koma iwo amayeza pa sikelo ya magalamu, popeza muyeso ukapitirira pang'ono kamtima kapsa. Dzanja la munthu si sikelo. Musathire yureya, feteleza wina aliyense kapena phulusa. Madzi okha akwanira, ndipo ndiwo adayesedwa ndi alimi ochuluka.

ZIMENE KUVIIKA SIKUNGATHE

Sindifuna kuti wina achoke pa wailesi akuganiza kuti wapeza mankhwala a chilala. Kuviika kuthandiza mbewu kupambana mpikisano wa sabata yoyamba, ndipo m'mera woyamba bwino uzika mizu msanga, upitirira udzu, uphukira bwino ndi kucha msanga. Koma ngati mvula ithawa mwezi wathunthu, kapena idukiza mpunga ulikutulutsa ngala, ndowa ya madzi ija singakupulumutseni. Chifukwa chake njirayi iyende pamodzi ndi zinzake.

Salazani munda kuti madzi asathamangire mbali imodzi. Mangani migula yolimba mozungulira, ndi kutseka mauna a mbewa ndi nkhanu, kuti mvula imene yagwa ikhale m'munda mwanu. Palirani msanga, m'masabata atatu oyamba, chifukwa udzu umwa madzi omwewo amene mpunga ulikuwafuna.

Ganizaninso za mtundu wa mbewu. Kilombero ndi Faya ndi mpunga wonunkhira ndi wa mtengo wabwino pamsika, koma utenga nthawi yaitali m'munda, ndipo ufuna dambo losunga madzi mpaka kumapeto kwa dzinja. Pa malo ouma msanga nkwanzeru kupatula gawo la munda kubzalapo mtundu wocha msanga. Ilipo mitundu yotere imene idayesedwa pa malo a kafukufuku wa mpunga a Lifuwu ku Salima. Uliponso mpunga wa kumtunda wotchedwa NERICA, umene adaupanga m'zaka za m'ma 1990 Monty Jones wa ku Sierra Leone ndi anzake pokwatitsa mpunga wa ku Africa ndi wa ku Asia. Mlangizi wa kwanu adzakuuzani mtundu woyenera nthaka yanu ndi kumene mbewu yake ipezeka.

MAWU KWA MAFUMU NDI NYAKWAWA

Tsopano ndilankhule ndi inu eni mudzi. Munthu wa thumba limodzi la mbewu sangalithire m'madzi chifukwa cha mawu a pa wailesi, ndipo sitingamudzudzule, popeza thumbalo ndilo chakudya cha ana ake. Anthu amakhulupirira chimene aona ndi maso. Tsono ndikupemphani kuti chaka chino muchite monga adachitira alimi a ku India aja.

Itanani anthu anu pabwalo mvula isanayambe, muitanenso mlangizi. Sankhani alimi asanu kapena khumi a minda ya m'mbali mwa njira, amuna ndi akazi omwe, ndipo inu mfumu mukhale woyamba. Aliyense agawe kachigawo ka munda wake pawiri. Mbewu ikhale ya m'thumba limodzi, muyeso ukhale umodzi, tsiku lobzala likhale limodzi, ndipo kupalira ndi feteleza zikhale zofanana. Kusiyana kukhale kumodzi kokha, kuti mbali ina mbewu yagona m'madzi, mbali ina iyayi. Zikani chikhomo pamalire kuti pasadzakhale mkangano.

Mwana wa sukulu alembe m'kope tsiku lobzala, tsiku limene mbali iliyonse idayamba kumera, tsiku lotulutsa ngala ndi tsiku lokolola. Patapita sabata imodzi tengani anthu mukayendere minda imeneyo, muwerenge mapando omera ndi mipata pa mizere khumi ya mbali iliyonse. Pokolola menyani mpunga wa mbali ziwirizo padera, muyeze ndi ndowa imodzi anthu akuona. Zikafanana, nenani kuti zafanana. Zikasiyana, simudzasowanso kukakamiza munthu, chifukwa chaka chamawa adzaviika yekha.

Musaiwale amayi pa msonkhano umenewu. M'midzi yambiri ndiwo asunga mbewu, ndiwo atunga madzi, ndipo ndiwo adziwa kale malire a pakati pa njere yotupa ndi chimera. Kumbukiraninso nkhalamba ndi amasiye amene abzala mochedwa chifukwa chosowa owathandiza. Kwa iwo masiku awiri kapena atatu opindula pa kumera ndi aakulu koposa, popeza chinyontho chimakhala chitayamba kale kuthawa pamene iwo alowa m'munda.

Ndisanatsazike ndibwereze mwachidule, kuti amene alibe pensulo asunge pamtima. Yesani mbewu yanu ndi njere 100. Konzani munda, mudikire mvula yeniyeni. Viikani madzulo mbewu ya tsiku limodzi m'madzi oyera, muvuule m'mawa, osapitirira maola 24. Umitsani kunja kwake pamthunzi, osaunjika, osafunditsa. Bzalani tsiku lomwelo pa dothi lonyowa, mukwirire. Mukaona kansonga koyera katuluka, mbewuyo ipite panazale kapena pamatope pamene madzi sasowa.

Amene muli ndi mafunso kaonaneni ndi mlangizi wa zaulimi wa dera lanu, ndipo zimene mudzapeze m'minda yoyeserayo mudzamuuze, kuti midzi ina iphunzireko.